DX ya malemu bambo, ndani angandisinthire kuti ikhale ya manati asanu?

Bambo a Yamikani: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya Corolla DX ija ya malemu bambo, ya 1982, yomwe yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Bembeke zaka zinayi. Injini tinaidzutsa mwezi watha, ikulira bwino, kautsi pang'ono m'mawa basi, mukudziwa kuzizira kwathu kuno. Tsono Loweruka ndinapeza malimu anayi a aloyi, a mainchesi 15, ndi matayala ake omwe, kwa mnyamata wina pa Lizulu. Ndalama ya matumba 6 a kachewere inathera pomwepo. Vuto ndi lakuti malimuwo ndi a mabowo asanu pomwe DX ili ndi masitadi anayi. Ndani angandisinthire mahabu? Mlongo wanga akukwatiwa mu Okutobala ku Ntcheu ndipo ndikufuna akakwere galimoto ya bambo ake.

Mnyamata wa pa Tsangano: Kkkkk akulu, mwagula nsapato kenako mukufuna dokotala akuduleni phazi kuti ilowe

Sipanala 21: Achimwene, musanafunefune munthu, malimuwo achokera ku galimoto yanji?

Bambo a Yamikani: Mnyamatayo anati ndi a Toyota. Ndiye ine ndinati Toyota ndi Toyota.

Sipanala 21: Eee. Toyota ndi mtundu waukulu ngati a Phiri, si onse amadyera mbale imodzi. Vitz ndi Passo ndi 4x100. Premio, Allion ndi Wish zambiri zomwe tili nazo kuno ndi 5x100. Noah, RAV4 ndi Mark II zam'mbuyomu ndi 5x114.3. Hilux ya fowilo ndi 6x139.7. DX yanuyo ndi 4x114.3. Nambala yoyamba ndi kuchuluka kwa masitadi, yachiwiri ndi kukula kwa bwalo lomwe masitadiwo akhalapo, mu mamilimita. Amalitcha PCD. Kungowerenga mabowo kuti asanu sikukuuzani kanthu.

Wa ku Joni: Musamuopseze munthu. Kuno anyamata amachita zimenezi tsiku ndi tsiku pa ma Datsun ndi ma Cressida akale. Amaboola habu, kukhoma masitadi asanu, basi. Komanso manati asanu ndi olimba kuposa anayi, ndi misewu yakwathuko ndi bwino.

Gogo Pijoti: Mwana wanga wa ku Joni, ine ndinayamba kugwira chiwongolero iwe usanabadwe. Peugeot 404 yomwe ndinaphunzirira inali ya manati atatu. Atatu okha. 504 inali ya anayi, ndipo ndinayenda nayo Dedza mpaka Ntcheu, Ntcheu mpaka Balaka, anthu odzaza ndi katundu pamwamba, tayala silinandithawepo. Volkswagen ija tinkaitcha kafulu, zakale zinali za manati asanu, cha m'ma 1968 eni ake anazibweza n'kukhala anayi. Ndiye kuti Ajeremani anasokonezeka mutu? Nati ikamangidwa bwino imagwira. Ikamangidwa mwaulesi, ngakhale akhale khumi adzamasuka onse.

Sipanala 21: Agogo anena zoona. Chomwe chimagwira tayala ndi kupanikizika kwa limu pa nkhope ya habu, manati akakoka masitadi. DX sifika ndi tani imodzi yomwe, injini yake ndi 4K ya 1.3. Masitadi anayi a 12 mm ndi okwana ndi kutsala.

Bambo a Yamikani: Ndamva, koma malimu ndagula kale. Tinene kuti ndi 5x114.3, si zofanana ndi 114.3 ya DX? Ndiye kungowonjezera bowo limodzi?

NaMaseko: Ndimangowerenga, koma apa ndilowepo chifukwa ntchito ya lathe, makina osemera zitsulo, ndi yomwe imandidyetsa. Achimwene, si kuwonjezera bowo limodzi ayi. Jambulani bwalo pansi. Masitadi anayi amatalikirana madigiri 90, asanu amatalikirana madigiri 72. Mukasunga bowo limodzi lakale, ena anayi onse ndi atsopano. Awiri amagwera pamalo abwino, kutali ndi mabowo akale. Koma awiri enawo amagwera madigiri 18 okha kuchokera pa bowo lakale, ndiye kuti pafupifupi 18 mm kuchokera pakati mpaka pakati. Bowo la sitadi ya Toyota ndi pafupifupi 14 mm. Chotsani, chitsulo chotsala pakati pa mabowo awiriwo ndi 4 mm basi. Ndipo sitadi simalowa mwaulemu, imakhomedwa ndi puresi, mano ake n'kuluma chitsulo. Kachitsulo ka 4 mm kaja ndi komwe kamayamba mng'alu.

Musaganizenso kuti mukazunguza pang'ono kuti musagwiritse bowo lakale zikhala bwino. Zimaipiraipira, mabowo amayamba kudyana.

Wa ku Joni: Ndiye amatseka mabowo akale ndi wotcherera, achemwali.

NaMaseko: Ena amatseka, inde, pa shafuti ya kumbuyo yomwe ndi chitsulo chovomera moto. Koma akatseka amaibweza pa lathe kuti nkhope iwongoke, chifukwa moto umapinda. Ndipo kuboolako kumachitika pa makina okhala ndi chogawira madigiri, osati dirilo ya m'manja ndi choko. Mukaphonya ndi theka la milimita, limu lilowa ndithu, manati amangika, koma sitadi iliyonse ikhala yopindika pang'ono ndipo tayala lizivina. Habu ya kutsogolo ikakhala ya chitsulo chosungunula chija chimasweka ngati mbiya, ine sindilola n'komwe kuti moto uyandikire.

Mphwanga wa Kampepuza: Ndinene zomwe zinandionekera ine. Ndinali ndi kapikapu ka Nissan 1400, nakonso ndi 4x114.3. Ndinapeza malimu otchipa a mabowo anayi koma sankalowa bwino, ndikuganiza anali a 4x108 a Cortina. Wowotcherera wina, sindimutchula, anati bweretsa ndikuze mabowo ndi tupa. Anakuza, analowa. Sabata zitatu zinali bwino. Tsiku lina ndanyamula kabichi kuchokera ku Tsangano, ndikutsika kulowera ku Ntcheu, ndinamva kumbuyo kukugogoda ngati munthu akusinja. Ndinati ndiima pa boma. Sindinafike. Tayala la kumanzere linandipitirira ndikuliona ndi maso angawa, likugubuduka lokha kulowera m'munda mwa anthu mbali ya Mozambique. Galimoto inakhala pansi pa dilamu. Masitadi awiri anali atathyoka, awiri manati atachoka. Mwayi kunalibe ana m'mbali mwa msewu. Kabichi ndinagulitsa pomwepo pa mtengo wa maliro.

Mnyamata wa pa Tsangano: Tayala linaoloka malire opanda pasipoti kkkk

Mphwanga wa Kampepuza: Lero ndikuseka nanu. Tsikulo miyendo inkanjenjemera mpaka madzulo.

NaMaseko: Bambo a Yamikani, chitani ichi tisanapitirire. Gonekani limu limodzi chafufumimba. Yezani kuchokera pakati pa bowo mpaka pakati pa bowo loyandikana nalo. Ngati pakati pakuvuta, yezani kuchokera m'mphepete mwa kumanzere mwa bowo ili mpaka m'mphepete mwa kumanzere mwa linzakelo, ndi chimodzimodzi. Mukapeza 59 mm ndi 5x100. Mukapeza 67 ndi 5x114.3. Chenjerani ndi 66, imeneyo ndi 5x112 ya Mercedes ndi Volkswagen zina, imanamiza anthu ambiri chifukwa imalowa mokakamiza. Kenako yang'anani kuseri kwa limu, pali zilembo ET ndi nambala, ndiyo offset, yosonyeza m'mene limu limalowera mkati mwa galimoto. Mutiuzenso zolembedwa pa tayala.

Bambo a Yamikani: Ndili ku munda, ndikafika kunyumba ndiyeza ndi rula ya Yamikani.

Wa ku Joni: Podikira, bwanji osangochotsa difu yonse kumbuyo n'kuika ya Hilux yakale ya 2WD? Imabwera ndi masitadi asanu a 114.3 kale, palibe zoboola. Ku Biwi kapena ku Ndirande singasowe.

Sipanala 21: Njira imeneyo ndi yeniyeni, anthu amachita, koma mudziwe zomwe zimabwera nayo. Walira mvula walira matope. Difu ya Hilux ndi yolemera, inapangidwira katundu ndi masipuling'i a mapale. DX ya saluni kumbuyo ili ndi makoyilo ndi mikono inayi yogwira difu. Ndiye mudule zomangira zonse pa difu yakale, muziwotcherere pa yatsopano, pa ngodya yake yeniyeni. Mukalakwa ngodya, puropela shafuti izinjenjemera ndi kudya makolosi. Utali wake nawo muyeze, ikatalika matayala atulukira kunja kwa madigadi. Puropela shafuti yomwe isinthidwe, mapaipi a buleki, zingwe za handibuleki. Zonsezo ndi kumbuyo kokha. Kutsogolo mukufunika habu ya masitadi asanu yoti mabering'i ake akwane pa sipindo ya DX, mkati ndi kunja, silo ikhale pamalo pake, disiki igwere pakati pa kalipa. Pa DX disiki imamangidwa kuseri kwa habu, ndiye habu ikasintha ndi mamilimita ochepa okha, disiki yasuntha. Ambiri amathera posintha mwendo wonse wa kutsogolo.

Gogo Pijoti: Ndipo mukasintha makalipa n'kuika akuluakulu pamene masita silinda ndi yomweyo yakale, phazi limalowa mpaka pansi buleki isanagwire. Kapena kumbuyo kumagwira msanga kuposa kutsogolo, galimoto n'kutembenuka. Pa M1 poyera simudzadziwa. Mudzadziwira pa Khwekhwelele mukutsikira ku Golomoti, akwati ali kumbuyo akupita kukajambulitsa kunyanja. Msewu umene uja suphunzitsa munthu kawiri.

Mayi a Tadala: Pepani kusokoneza, kodi pa Kalinyeke pali mzere lero? Ndikunyamuka ku Lilongwe pompano.

Mlembi wa gulu: Ndadutsapo 2 koloko, kunali bwino mayi. Tiyeni tipitirize ya DX.

Mnyamata wa pa Tsangano: Ine funso langa, bwanji osasintha kutsogolo kokha? Anthu pa ukwati amajambula kutsogolo

Sipanala 21: Ndiye aziyenda ndi masipeya awiri m'buti, la mabowo anayi ndi la asanu. Mphatso za akwati aziika pati?

Bambo a Yamikani: Ndafika. Ndayeza katatu, mayi a Yamikani agwira tochi. Ikubwera 59, mwina 58 ndi theka. Kuseri kwalembedwa ET45. Pa tayala 185/65R15.

Sipanala 21: Ndimaopa zomwezo. Amenewo ndi 5x100, a Premio kapena Allion. Difu ya Hilux tayiiwaleni, siwalandira.

NaMaseko: Ndipo zoboola zathera pompa. Pa 5x114.3 tinali ndi mwayi wosunga bowo limodzi. Pa 5x100 bwalo ndi laling'ono, lalowa mkati ndi 7 mm yokha mbali iliyonse. Muzunguze mulimonse, pali bowo latsopano lomwe lidyane ndi lakale. Ndawerengera apa, kutalikirana kwabwino komwe mungapeze pa mabowo oyandikana kwambiri ndi 11 mm, pamene bowo lenilenilo ndi 14. Wina akakuuzani kuti aboola, mufunseni kuti sitadiyo ikaluma chiyani.

Bambo a Yamikani: Mayo ine matumba anga.

Gogo Pijoti: Safunsa anadya phula, mwana wanga. Koma iwe wafunsa lisanafike kukhosi.

Wa ku Joni: Musataye mtima. Pali ma adaputa. Ndi chimbale cha aluminiyamu chomwe chimamangidwa pa masitadi anayi a galimoto, chokha chili ndi masitadi ake asanu. Simuboola kanthu, tsiku lomwe mwatopa nacho mumangomasula. Ndikhoza kufunsa kuno n'kutumiza pa basi. Ndipo tamverani, ET45 ija pa DX ikanalowetsa tayala mkati mpaka kukhula shoko, chifukwa malimu a galimoto zokokera kutsogolo amakhala choncho. Adaputa ya 25 mm imalitulutsa, 45 kuchotsa 25 yatsala 20. Zikukwanirana zokha.

NaMaseko: Masamu a offset mwakhoza, sindikutsutsani. Nkhawa yanga ili pena. Chifukwa cha kudyana kwa mabowo komwe ndanena kuja, ma adaputa ochoka pa anayi kupita pa asanu ambiri amakhala a zidutswa ziwiri zomangana ndi mabawuti, ndipo amanenepa kuposa 25 mm. Ndiye tayala limodzi lili ndi manati anayi obisika, mabawuti apakati obisika, ndi manati asanu akunja. Oonekawo mukhoza kuwayesa pa Chimbiya mukudya kanyenya. Obisikawo mpaka muchotse tayala. Ndani pagulu pano amachotsa matayala onse anayi pakatha makilomita 100 kuti ayese manati? Tinene zoona.

Chachiwiri ndi bowo lapakati. Premio ndi anzake a 5x100 bowo lapakati ndi 54.1 mm, pamene mphuno ya habu ya DX ndi yokulirapo, cha m'ma 60, ndipo kutsogolo imatulukira kunja chifukwa muli mabering'i ndi kachipewa ka girisi. Limulo silingavale mphunoyo. Adaputa iyenera kunenepa mpaka kuibisa. Ikanenepa choncho, tayala latuluka kunja ndipo bering'i yakunja, yomwe ndi yaing'ono, ikusenza katundu yemwe sinapangidwire.

Wa ku Joni: Za 54.1 sindinaziganizire. Komabe abwino alipo, osati a pamsika.

NaMaseko: Alipo. Mtengo wake wa anayi mufunse, kenako muuyerekeze ndi matumba 6 aja.

Aphunzitsi a Masamu: Ndiwonjezere za tayala, poti palibe wazitchula. DX inabwera ndi 155 pa limu la 13. Msinkhu wa tayala limenelo ndi pafupifupi 578 mm. La 185/65R15 ndi 621 mm. Kusiyana kwake ndi 7 pa 100 iliyonse ndi kakusefukira. Sipidomita ikamati 80 inu muli pa 86, apolisi a kamera sadzamva zoti ndi malimu. Chachikulu ndi mphamvu. Tayala lalitali lili ngati mwakweza giya pang'ono nthawi zonse. Ka 4K kali kale ndi zaka zoposa 40, pa chitunda chochokera ku Linthipe kukwera ku Dedza muzidzapitiriridwa ndi a kabaza. Buleki nayo imafooka chifukwa ikuimitsa gudumu lalikulu ndi disiki yomweyo yaing'ono.

Bambo a Yamikani: Ndiye mukundiuza kuti ndisiye basi? Ndinene chilungamo, sikuti ndinangotengeka ndi kuwala kokha. Malimu oyambirira ndili nawo atatu. Ndipo mnyamata wa matayala pa boma anandiuza kuti a 13 akutha, posachedwa sazipezeka.

Sipanala 21: Amafuna akugulitseni zomwe ali nazo. Passo zadzaza mumsewumu zambiri zimavala 155/80R13, lomwe ndi tayala la DX ndendende. Malinga ma Passo alipo, tayala lanu lilipo, latsopano ngakhale la kaunjika. Malimu a Passo okha ndiwo sangalowe, ndi 4x100.

Ngati mtima uli pa malimu okulirapo, funani a 4x114.3 omwewo, simusintha kanthu pa habu. Nissan Tiida yoyamba ija ndi 4x114.3. Honda Accord ndi Mitsubishi Galant za m'ma 1990 chimodzimodzi. Koma onsewa ndi okokera kutsogolo, offset yawo ndi yokwera, ndiye muyese limodzi kutsogolo, mukhote chiwongolero mbali zonse, mulowetse chala pakati pa tayala ndi shoko. Bowo lapakati la Nissan ndi 66.1, lilowa momasuka, pafunika karing'i kodzaza mpatawo. Abwino koposa ndi a 14 ochoka ku galimoto zakale zokankhira kumbuyo. Pa 14 muike 175/65R14.

Aphunzitsi a Masamu: Limenelo ndi 583 mm. Kusiyana ndi loyambirira ndi 5 mm basi.

Sipanala 21: Chinanso, manati. Musatenge a Nissan poti limu ndi la Nissan. Mano a Toyota ndi 12x1.5, a Nissan ndi 12x1.25, amayamba kulowa kenako n'kudya sitadi. Nati imatsata sitadi pa mano, imatsata limu pa mutu. Malimu achitsulo amafuna nati ya mutu wosongoka, aloyi ambiri a Toyota amafuna ija yafulati yokhala ndi washala. Pomanga ndi cha m'ma 103 Nm pa sipanala yoyeza mphamvu, modumphadumpha, osati mozungulira. Zokwera pa sipanala ndi phazi kapena kuwonjezera paipi zija zimatamula sitadi.

Mnyamata wa pa Tsangano: Apa mwatinena tonse kkkk

Gogo Pijoti: Ine ndibwerere pa malimu atatu. Lachinayi linapita kuti? DX ya bambo ako ndikuidziwa, yoyera ija inkaima pa tchalitchi Lamulungu lililonse. Inali ndi malimu asanu pamodzi ndi sipeya.

Bambo a Yamikani: La sipeya linapindika pa dzenje kalekale, amayi amaikapo mphika wa madzi osamba. Linalo bambo anapereka ku sukulu ya pulayimale kwathu kuno galimoto itaima, belu lawo litabedwa. Lili pa mtengo mpaka lero, ndi lomwe limadzutsa mudzi wonse.

Mnyamata wa pa Tsangano: Ndiye ana a ku Bembeke akhala akuimenya DX zaka zinayi kkkkkk

Mayi a Tadala: Ndafika pa Dedza, ndawerenga zonse. Achimwene, malimu a 15 amenewo musawataye. Wish yanga ndi 5x100, eti a Sipanala? Anga awiri ndi opindika. Ngati matayala ali ndi mano tikambirane.

Sipanala 21: Ngati ndi Wish ya 1.8 wamba, alowa mayi. Koma yezani kaye zanu, 59 mm ija, taphunzira lero. Matayala a Wish ndi 195/65R15, amenewa ndi ocheperako pang'ono, muwaone ngati mphatso chabe.

Bambo a Yamikani: Mayi, matumba 6.

Mayi a Tadala: Anayi. Mwamva nokha kuti matayalawo ndi mphatso.

Bambo a Yamikani: Asanu, ndipo mudzabwere ku ukwati ndi Wish yanuyo mudzanyamule anamkungwi. Koma abale, za manati asanu sindinazitaye. Ukwati ukadutsa ndidzabweranso tidzakambe za difu ya Hilux ija bwinobwino, ndi malimu oyeza kaye. Pakali pano mawa ndipita kwa ahedi ndikapemphe limu lija, ndiwapatse la pa mphika wa amayi.

NaMaseko: Musanalimange pa galimoto mulibweretse ndilizunguze pa makina. Zaka zinayi likumenyedwa ndi chitsulo m'mawa, pa buleki ndi poweruka, m'mphepete momwe mumakhala tayala mwina munaphwanyika, ndipo ming'alu imabisala pansi pa dzimbiri. Likakanika, limu la 13 la 4x114.3 silisowa, ma DX ena anafera m'magalaja ambiri.

Gogo Pijoti: La pa mphikalo lapsa ndi moto zaka zonsezi, silidzalira bwino. Ahedi akaliyesa adzakubwezera. Ndili ndi la 504 kuseri kwa khola, lolemera, limamveka mpaka ku Masasa. Tumiza Yamikani ndi njinga adzatenge, koma abwere ndi chingwe.